Chipale cha Madeya pa Sitesheni ya Mchinji

Majekete aja ndinasoka ndine,
atatu, a mabulangete a pa kaunjika,
kolala yake chikopa cha mbuzi chosafufutidwa bwino.
Okutobala, dzuwa loswa mtengo,
Lekeleni waimika foni pa mpini wa khasu:
"Pano ndi ku Rasha. Yambani kunjenjemera."

Mabuku anabwereka kwa a Chimpeni, aphunzitsi opuma,
mabuku onenepa ngati njerwa za kumishoni,
momwe munthu amadwala mtima masamba mazana atatu
asanatsegule chitseko.
Anawerenga onse. Kenaka anati tiwasereule.

Lamulo lake linali limodzi: osaseka.
"Nkhope ikhale ya kumaliro, mawu akhale a chitsiru.
Ukaseka wekha, walanda oonera chakudya pakamwa."

Kamtedza wa kabaza anasanduka mwinichuma
wa dzina lalitali kuposa njanji.
Wantchito akayamba kulitchula tiyi ali wotentha,
pofika pa dzina la agogo ntchentche yamiramo,
pomaliza, mlendo watsanzika kalekale.

Panali kalata ya masamba makumi anayi
yonena mawu amodzi: sindibwera.
Panali wophunzira wa ndevu za khonje
wofunsa denga usiku wonse ngati mzimu ulipo,
pomwe mwini nyumba akugogoda, kufuna ya lendi.
Funso la kumwamba, yankho la m'thumba.

Tsiku la mfuti ndilo linandithyola nthiti.
Amuna awiri olimbirana Velonika
afulatirana, aliyense ndi mfuti ya phesi,
awerenge mapazi khumi, atembenuke.
Wina anatembenuka.
Winayo masamu anathawa ali mu sitandade wani,
anangopitirira, mutu uli m'mwamba, ulemu wonse,
chithunzi chotsatira ali ku Mwami
akumufunsa chiphaso.

Nanga kutsanzikana kwa pasitesheni!
Velonika walira, wapereka mpango,
"Sitidzaonananso m'dziko lino."
Ayang'ana kum'mawa. Njanji ili zii.
Atsanzikananso, misozi yacheperako.
Zii.
Kachitatu akhala pansi, akugawana nzimbe,
akufunsana mtengo wa feteleza.
Sitima yathu ndiye katswiri wa sewero lonse:
inasewera posabwera, ndipo sinalipidwe.

Chipale chinali madeya.
Ana awiri pamwamba pa bogi yadzimbiri
akupeta ndi malichero, nyengo yozizira ikugwa
pa mapewa a thukuta.
Mwinichuma wagona chagada, akumwalira pang'onopang'ono,
akulankhula za Mulungu, za ngongole, za amayi ake,
nkhuku za a sitesheni masitala zafika,
zayamba kudya Rasha yense
mpaka kujompha wakufayo pakhutu.
Lekeleni ananong'ona, "Musazipirikitse.
Izi sindikanatha kuzilemba."

Tinaonetsa m'holo ya sukulu, pansalu yanga ya makatani.
A Chimpeni kutsogolo, manja apinda, mlomo ndwii.
Ana akugubuduka pa za nkhuku, iwo phee.
Koma pena, holo yonse ili chete,
wophunzira uja atangoyang'ana zenera nthawi yaitali
n'kunena kuti, "Kunja kuli kunja,"
kunamveka kuseka kumodzi, kokhosomola,
kwa munthu amene wazindikira tsamba.

Potuluka ndinawafunsa ngati akwiya.
Anapukuta magalasi ndi tayi.
"Paja pamaliro," anatero, "adzukulu amavala chipewa cha malemu,
n'kumatsimphina monga ankatsimphinira,
anamfedwa n'kuseka misozi ili m'masaya.
Mlendo sangachite zimenezo.
Sadziwa mwendo umene unali wolumala."
Anatenga mabuku awo, anawawerenga ngati akwana,
limodzi linali ndi madeya pakati.
Sanawasase.

Ine ndalama ya ulusi sindinalandirebe.
Jekete limodzi Kamtedza anakaniza,
amavala m'mawa wa Juni popalasa kupita ku Kamwendo,
ndipo okwera, ngakhale kununkha mbuzi,
amamuitana ndi dzina lonse lija
mpaka afike.